Bud Powell weniweni ndi uti, nanga n'zoona kuti bebop imafuna chamba?

Kalata iyi yachokera kwa mnyamata wa ku Blantyre amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphunzitsi, ndili ndi zaka 23 ndipo ndimayimba kiyibodi kutchalitchi kwathu. Miyezi ingapo yapitayo ndinapeza pa YouTube mkulu wina wakale woyimba piyano, Bud Powell, ndipo chiyambireni sindikumveranso china. Koma wandisokoneza. Nyimbo zina akuthamanga moti sindikumvetsa kuti ali ndi zala zingati, pamene zina, munthu yemweyo, akuphonya manoti, akutsalira m'mbuyo, akubuula. Weniweni ndi uti, ndipo ndiyambire pati? Mnzanga woyimba gitala akuti mkuluyo anali wamisala, akuti nyimbo zoterezi munthu sangaziyimbe mutu uli bwinobwino, pamafunika kachamba pang'ono kuti maganizo atseguke. Ine ndakhala ndikuyeserera nyimbo yake ya Tempus Fugit usiku uliwonse mpaka tambala kulira. Panopa dzanja lamanja likupweteka pamfundo ndipo zala ziwiri zikumachita dzanzi. Kodi ndingozisiya?"

Achimwene, zikomo polemba. Kuyimba musasiye, koma dzanjalo lipatseni mpumulo kuyambira lero lomwe. Za dzanzilo tikambirana bwino tisanasiyane, chifukwa pa mafunso anu onse ndi lokhalo lofunika changu. Pa za nyimbozo mtima ukhale m'malo. Makutu anu ali bwinobwino, ndipo zimene mwamvazo aliyense wotsata Bud Powell anazimvapo. Wothamangayo ndi Bud, wopunthwayo ndi Bud yemweyo. Chimene YouTube sikuuzani ndi chaka. Imakuponyerani nyimbo ya 1949, kenako ya 1964, kenako ya 1955, ngati zonse zinajambulidwa sabata imodzi, chikhalirecho pakati pa zaka zimenezi pali apolisi, zipatala, maliro ndi mowa. Choncho wophunzira wanga aliyense amene wakodwa ndi munthu ameneyu ndimamuuza kuti asanatsegule nyimbo azifufuza kaye kuti inajambulidwa liti. Mukangotero, chisokonezo chanu chambiri chitha chokha.

Earl Rudolph Powell anabadwira ku Harlem, mumzinda wa New York, pa 27 Seputembala 1924. Bambo ake ankayimba piyano ya mtundu wa stride, ndipo mwanayo anayamba maphunziro a piyano ali ndi zaka 5, kuwerenga nyimbo za ku Ulaya zolembedwa pamapepala. Sanaziiwale: mu 1957 anajambula Bud on Bach, imene imayamba ndi kanyimbo ka C.P.E. Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, komwe ankayimba ali mwana. Mfundo imeneyi muisunge bwino. Zala mukuzisirirazo zinali zitagwira ntchito zaka pafupifupi 20 pofika tsiku limene zinayimba Tempus Fugit. Inu mwalimbana nayo miyezi ingapo chabe, ndiye kulephera kwanu si kwachilendo, ndipo sikukunena kanthu za mphatso yanu.

Ali wachinyamata anakumana ndi Thelonious Monk, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka 7. Monk anamutenga ngati mng'ono wake, n'kumapita naye ku Minton's Playhouse, kalabu ya ku Harlem komwe oyimba ankasonkhana usiku kwambiri akaweruka m'mabandi akuluakulu, kukayesana nzeru. Kumeneko ndi kumalo ena otero ndi komwe bebop, mtundu wa jazz wothamanga woyimbidwa ndi timagulu ting'onoting'ono, inaphukira, m'manja mwa Monk, Kenny Clarke wa ng'oma, Dizzy Gillespie wa lipenga ndi Charlie Parker wa sakisofoni. Chikondi cha awiriwa sichinazilale, ndipo Monk anapeka nyimbo ya In Walked Bud polemekeza mnzakeyo. Ntchito yoyamba yodziwika Bud anaipeza mu bandi ya Cootie Williams, amene kale ankaliza lipenga kwa Duke Ellington. Mu 1944 bandi imeneyi ndi imene inayamba kujambula 'Round Midnight ya Monk, pa piyano pali Bud, asanakwanitse n'komwe zaka 20.

Kuti muone chimene anasintha, ganizani mmene piyano inkayimbidwira iye asanabwere. Mu stride dzanja lamanzere silipuma: noti ya pansi, khodi ya pakati, noti ya pansi, khodi ya pakati, kulumpha uku ndi uku, chifukwa woyimbayo ndiye besi, ndiye ng'oma, ndiye zonse. James P. Johnson ndi Fats Waller ankatero, Art Tatum n'kufika nazo pamene wina sangapitirire. Koma m'kagulu ka bebop wa besi akuyenda kale pa kugunda kulikonse, wa ng'oma akusunga nthawi pa cymbal, ndiye dzanja lolumphalumpha lija limangowonjezera phokoso. Bud analipeputsa. Ntchito yaikulu anaisamutsira ku dzanja lamanja, limene linayamba kuyimba mzere wa noti imodziimodzi, wautali, wokhotakhota, monga Parker ankachitira pa sakisofoni. Earl Hines ndi Nat King Cole anali atalozako njira imeneyi, koma amene anaiyenda mpaka kukafika, pa liwiro la Parker ndi makhodi a Parker, ndi Bud. Horace Silver, Barry Harris, Bill Evans, Herbie Hancock, Chick Corea, onsewo anadutsira pakhomo pake.

Ichi mutha kuchiyesa lero lomwe, poti ndi cha dzanja lamanzere limene silikupweteka. Tengani 2-5-1, kutanthauza makhodi a pa re, so ndi do motsatizana, mu kiyi ya C. Pa 2, ikani chala chaching'ono pa D, chachikulu pa C ya pamwamba pake: re ndi do, manoti awiri basi. Pa 5, gwirani G ndi B: so ndi ti. Pa 1, C ndi B: do ndi ti. Tsopano yang'anani chala chachikulucho. Changotsika kamodzi kokha, kuchoka pa C kupita pa B, n'kukhala pomwepo, koma khutu lamva ulendo wonse wa makhodi atatu. Manoti awiriwa ali ngati mafuwa: sadyedwa, koma popanda iwo mphika sukhazikika. Ndipo Bud sankawagunda pa kugunda koyamba nthawi zonse. Ankawaponya mwadzidzidzi, mwina khodi isanafike pang'ono, mwina itadutsa, kuyankhana ndi wa ng'oma. Ife amene tinakulira pa kiyibodi ya kutchalitchi tinazolowera kudzaza manja onse awiri, lamanzere likubwereza zomwe wa besi akuyimba kale pambali pathu. Tayesani Lamlungu lina kumusiyira pansipo. Mudzamva kwaya ikupuma bwino, ndipo wa besi wanu adzakuthokozani.

Tsopano za matenda, ndipo apa ndikanakonda mnzanu wa gitalayo awerenge nanu limodzi. Mu Januwale 1945, bandi ya Cootie Williams ili ku Philadelphia, Bud anamangidwa usiku atamaliza kuyimba, ndipo apolisi anamumenya kwambiri m'mutu. Anali ndi zaka 20, mnyamata wachikuda mu America wa tsankho, komwe wapolisi akamenya munthu wakuda kawirikawiri panalibe womufunsa. Mutu sunasiye kumupweteka. Anamutengera ku chipatala cha Bellevue ku New York, kenako ku Pilgrim State, chipatala cha odwala maganizo, komwe anakhala miyezi yoposa iwiri. Kumapeto kwa 1947 anamenyedwanso m'mutu ndi botolo pa mkangano wa m'bala, ndipo ulendo uno anamugoneka ku Creedmoor miyezi 11. Kumeneko anamupatsa chithandizo chodutsitsa magetsi mu ubongo, m'zaka zimene madokotala anali asanazolowere kugonetsa kaye wodwala monga amachitira lero. Anatulukako ali woiwalaiwala. Olemba mbiri yake amasiyana maganizo ngati matendawa anayamba ndi ndodo ya apolisi kapena analipo kale, ndodoyo n'kungowakolezera. Koma pa mfundo imodzi amagwirizana: mowa unali poizoni kwa iye. Ngakhale tambula imodzi yokha inkamusintha kukhala munthu wina.

Nyimbo zakugwirani mtimazo anazijambula m'timipata ta pakati pa zipatala zimenezi, mutu ukakhala pansi, piyano yoyesererapo ikapezeka. Mu 1946 anali kale munthu amene aliyense wa bebop ankamufuna mu situdiyo: Dexter Gordon, J.J. Johnson, Sonny Stitt, Fats Navarro. Mu Januwale 1947 anajambula koyamba monga mtsogoleri, atatu okha, iye, Curly Russell pa besi ndi Max Roach pa ng'oma. Mu Meyi chaka chomwecho analowa mu situdiyo ndi Charlie Parker ndi Miles Davis, n'kutulutsa Donna Lee, Chasin' the Bird, Cheryl ndi Buzzy. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuti Parker ndi Bud ajambule limodzi mu situdiyo. Zina zonse za awiriwa zinajambulidwa ali pa siteji. Muona kuti nyimbo za zaka zimenezi n'zazifupi, pafupifupi mphindi zitatu, chifukwa mbale za nthawiyo, zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkanyamula zomwezo mbali imodzi. Woyimba analibe nthawi yofunafuna chonena. Akapatsidwa masekondi 30, ankayenera kunena zonse momwemo.

Kumayambiriro kwa 1949 Norman Granz, mkulu wojambulitsa nyimbo, anamujambula ndi Ray Brown pa besi ndi Max Roach, ndipo panatuluka Tempus Fugit yanuyo, Cherokee, ndi Celia imene Bud anapekera mwana wake wamkazi. Tempus Fugit mukaimvetsera mofatsa mupeza kuti liwiro ndi chinthu chaching'ono mmenemo. Mzere uliwonse uli ndi poyambira ndi pothera. Noti imene imapatsa khodi mtundu wake, yachitatu kapena yachisanu ndi chiwiri, ikugwera pa kugunda kwamphamvu. Akafuna kufika pa noti ina amayamba waizungulira, kugunda ya pamwamba pake, ya pansi pake, kenako iyoyo. Ndipo manotiwo sakulira mofanana. Ena akuwatsindika pamalo amene simukuyembekezera, n'chifukwa chake mzerewo ukudumpha m'malo mongotsetsereka. Zonsezi akuzipeka pomwepo. Imeneyi ndi ntchito ya mutu umene ukuona patsogolo bwino lomwe.

Mu Ogasiti 1949 Alfred Lion wa kampani ya Blue Note anamusonkhanitsira Fats Navarro pa lipenga, Sonny Rollins wa zaka 18 pa sakisofoni, Tommy Potter ndi Roy Haynes. Bouncing with Bud, Wail ndi Dance of the Infidels ndi za tsiku limenelo, ndipo munthu akandifunsa kuti bebop inkamveka bwanji ili pachimake, ndimamutsegulira zimenezi. Mu Febuluwale 1951 anajambula ali yekha, popanda besi kapena ng'oma: Parisian Thoroughfare, Oblivion, Hallucinations, Dusk in Sandi. Amene amati Bud analibe dzanja lamanzere akamvere kumeneko.

Koma imene ndimabwererako kawirikawiri ndi ya pa 1 Meyi 1951, Un Poco Loco, ndi Curly Russell ndi Max Roach. Blue Note inatulutsa maulendo onse atatu amene anaiyesa tsikulo, ndipo pa chimbale cha The Amazing Bud Powell, Volume 1 mutha kuwamva motsatizana. Ambiri amalumpha, amati ndi nyimbo imodzi yomweyo. Musalumphe. Mvetserani Roach pa belu lachitsulo, mmene akusakira kalilidwe koyenera ulendo woyamba, n'kukapeza pambuyo pake. Belulo silikuyenda mofanana ndi besi, likudutsa mopingasa, kenako n'kukakumana nayo patsogolo. Kwa ife amene tinakula tikumva ng'oma zitatu zikulira zosiyana koma gule ali mmodzi, zimenezi sizivuta kumva, ndipo ndaona ophunzira anga akuyamba kugwedeza mapewa asanadziwe n'komwe kuti akumvera chiyani. Ikafika solo, gawo limene woyimba amapeka zake pomwepo, Bud akusiya makhodi ambirimbiri a nyimboyo, dzanja lamanzere likungobwereza kachidutswa kamodzi pansi, lamanja likukumba malo amodzimodziwo mozama, mozama. Izi zinali zaka zingapo oyimba jazz asanazolowere kupeka pa khodi imodzi kwa nthawi yaitali. Maulendo atatuwo akuonetsani anthu atatu ali pa ntchito, akuyesa, akukonza, akuyesanso.

Miyezi itatu itadutsa, mu Ogasiti 1951, apolisi a ku New York anapeza mankhwala osokoneza bongo m'galimoto imene munali Bud ndi Monk. Monk anakana kuperekera umboni womangitsa mnzake. Anakhala m'ndende masiku 60, n'kulandidwa chiphaso cha apolisi chimene woyimba ankayenera kukhala nacho kuti agwire ntchito m'makalabu ogulitsa mowa mumzindawo, ndipo sanachipezenso mpaka 1957. Bud anabwerera kuchipatala mpaka kumayambiriro kwa 1953. Anatuluka ali m'manja mwa Oscar Goodstein, woyang'anira kalabu ya Birdland, amene anaikidwa kukhala womusunga. Munthu wamkulu, katswiri wodziwika, koma wosaloledwa kudzilamulira yekha. Pa 15 Meyi 1953 anayimba ku Massey Hall ku Toronto ndi Parker, Gillespie, Charles Mingus ndi Roach, ndipo chimbale cha usiku umenewo chilipo. Mu Ogasiti anajambula Glass Enclosure ndi George Duvivier ndi Art Taylor, nyimbo ya zigawozigawo, yolemera, yosafanana ndi bebop ina iliyonse, imene ambiri amaimva ngati mawu a munthu wotsekeredwa.

Kuchokera 1954 ndi pamene kupunthwa mwakumvako kumayamba kuchuluka. Mowa unapitirira, ndipo ankapatsidwa Largactil, mankhwala amene akachuluka amalemeretsa thupi ndi kuumitsa manja. Mu Malichi 1955 anakwera pa siteji ya Birdland ndi Parker asali bwino konse, zinthu zinasokonekera pamaso pa anthu, ndipo patangodutsa sabata Parker anamwalira. Mu Juni 1956 mng'ono wake wa Bud, Richie Powell, nayenso woyimba piyano, anafa pa ngozi ya galimoto limodzi ndi Clifford Brown wa lipenga. Zimbale za zaka zimenezi n'zosadalirika, lero moto, mawa phulusa. Masiku abwino analipobe: The Scene Changes ya mu Disembala 1958, momwe muli Cleopatra's Dream, ndi chimodzi mwa izo.

Mu 1959 anasamukira ku Paris, komwe ankayimba ndi Pierre Michelot pa besi ndi Kenny Clarke pa ng'oma. Pano ndinene maganizo anga, chifukwa ena amataya zonse za ku Ulaya ngati zotsalira za munthu wotha. Ine sinditero. Liwiro linachepa, n'zoona, ndipo chala chimaterereka apa ndi apo. Koma mverani A Portrait of Thelonious ya 1961, kapena Our Man in Paris ya Dexter Gordon ya 1963, kapena zimene anajambula ku Copenhagen mu 1962 ndi mnyamata wa besi wa zaka 15, Niels-Henning Ørsted Pedersen. Noti iliyonse ili ndi kulemera kwake, ndipo kwa wophunzira zimenezi n'zosavuta kuzitola ndi khutu. Kungoti musayambire kumeneko, mungamuweruze molakwa musanamudziwe. Mwa njira, mu Febuluwale 1963 Duke Ellington anayang'anira kujambula kwa chimbale cha Bud ku Paris pa kampani ya Reprise, ndipo mwezi womwewo, mumzinda womwewo, anajambulitsanso mnyamata wa ku Cape Town, Dollar Brand, amene lero timamudziwa kuti Abdullah Ibrahim.

Chaka chomwecho cha 1963 Bud anapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB. Amene anamupulumutsa nthawi imeneyo ndi Francis Paudras, Mfalansa wojambula zithunzi za malonda amene ankakonda nyimbo zake. Anamutengera kunyumba kwake, kumudyetsa, kumutalikitsa ndi mowa, ndipo Bud anayamba kupezako bwino, n'kumapekanso nyimbo. Mu Ogasiti 1964 awiriwa anapita ku New York kuti Bud akayimbe ku Birdland. Paudras anabwerera ku Paris yekha. Popanda womuyang'anira, Bud anabwerera ku mowa, ndipo pa 31 Julayi 1966 anamwalira ndi TB, kusowa zakudya m'thupi ndi mowa womwewo, ali ndi zaka 41. Anthu zikwizikwi anadzaza misewu ya Harlem pa maliro ake.

Ndiye kwa mnzanuyo ndinena mosapsatira: zimene akukuuzanizo n'zabodza, ndipo ndi bodza limene lakwirira oyimba ambiri. Matenda ndi zoledzeretsa sizinamupatse Bud noti ngakhale imodzi. Zimene anali nazo anazipeza kwa bambo ake, kwa aphunzitsi ake, kwa Monk, ndi pa maola osawerengeka pa piyano. Matenda ndi mowa zinangobwera kudzamulanda. Umboni uli m'makutu mwanu momwemo, mu nyimbo zopunthwa zija. Anyamata ambiri a nthawi imeneyo ankaganiza ngati mnzanuyo, kuti akabaya heroin ayimba ngati Parker. Fats Navarro anamwalira mu 1950 ali ndi zaka 26, Parker ali ndi 34. Clifford Brown sankakhudza mankhwala amenewa, koma pa lipenga panalibe womuposa m'badwo wake. Sonny Rollins anasiya heroin mu 1955, chaka chotsatira n'kujambula Saxophone Colossus. Barry Harris, amene anatenga njira ya Bud n'kuisandutsa maphunziro, anaphunzitsa mpaka ukalamba ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 91. Za chamba, kupatula kuti kusuta ndi mlandu kuno kwathu, madokotala amadziwa kuti chimatha kuyambitsa kapena kukolezera matenda a maganizo mwa achinyamata osuta kwambiri, makamaka ngati kubanja kuli kale vuto lotere. Pa zaka zanga zophunzitsa ndaona anyamata aluso akuyamba ndi "kachamba pang'ono" komweko. Iwo amamva ngati akuyimba zakumwamba, koma ukawajambula n'kuwaseweretsa m'mawa, nthawi ikugwedera, mizere siikutha. Komanso ndikupempheni, mawu oti "wamisala" tiwasiye. Bud anali munthu wodwala amene anavulazidwa, ngati abale athu ambiri amene tili nawo m'makomo mwathu.

Poyambira ndi apa. Mverani kaye The Amazing Bud Powell, Volume 1, kenako Jazz Giant momwe muli za 1949 ndi 1950, kenako The Genius of Bud Powell momwe muli zoyimba yekha zija. Mukhale nazo milungu ingapo musanapite ku Volume 2 ndi ku Paris. Tempus Fugit muisungire chaka china. Poyeserera tengani Celia, imene imayenda modekha, kapena solo yake yaifupi pa Cheryl, imene ndi blues ya mu C. Pa YouTube tsitsani liwiro kufika pa 0.5. Musathamangire kiyibodi: tolani kachidutswa ka manoti 8 kapena 10, mukayimbe ndi pakamwa mpaka kakhazikike, ngakhale m'ma do-re-mi amene munazolowera kukwaya. Kubuula mwakumva kuja nthawi zambiri ndi Bud akuyimba ndi pakamwa zimene zala zikuchita. Kakalowa m'mutu, kapezeni pa kiyibodi, pang'onopang'ono moti mungathe kucheza ndi munthu uku mukuyimba. Mukatero kasamutsireni ku F, ku B flat, ku E flat, makiyi amene oyimba malipenga amakonda, ndipo musamutse ndi zala zanu. Batani la transpose latithandiza ambiri Lamlungu m'mawa wotsogolera nyimbo akayamba pamwamba, koma mu bebop lidzakusiyani muli munthu wa kiyi imodzi. Makanema a makalasi a Barry Harris alipo pa YouTube, ndipo ndi oyenera bandulo yanu. Mukapeza mpata, funani mphunzitsi woti akuoneni ndi maso mukuyimba, ngakhale kamodzi pa mwezi, ndi piyano yeniyeni ya makiyi olemera imene matchalitchi ena akale ndi masukulu ena ali nayo.

Tibwere ku dzanja. Ine ndine mphunzitsi wa nyimbo, sindine dokotala, koma manja opweteka ndawaona ambiri. Kawirikawiri gwero lake ndi zinthu zitatu zophatikizana: kuthamangitsa nyimbo imene zala sizinaidziwe, kumene kumapangitsa mkono wonse kuuma, kuyimba maola ambiri osapumira, ndi kakhalidwe. Ma stand a kiyibodi ambiri timawaimika pamsinkhu wolakwika, dzanja n'kumayimba litapindika pamfundo. Mukhale pampando woti kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja pakhale mowongoka, mapewa ali omasuka. Makiyi a kiyibodi ndi opepuka, ndipo ambiri amapitiriza kukanikiza noti italira kale. Mphamvu yonseyo imabwerera m'mitsempha yanu. Mukadzayambiranso, muziyimba mphindi 20 kapena 25, n'kuimirira, kugwedeza manja, kumwa madzi. Ululu ukangoyamba muzisiya pomwepo, osamwa panado kuti mupitirize.

Koma kupweteka ndi dzanzi n'zosiyana. Dzanzi limasonyeza kuti mtsempha wa uthenga ukupanikizika penapake, pamfundo ya dzanja kapena pa chigongono, ndipo limeneli si lodikira kuti lithe lokha. Pitani kuchipatala sabata ino. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo ngati n'kofunika akutumizani ku Gulupu komwe kuli a physiotherapy. Mukawauze kuti ndi zala ziti, chifukwa dzanzi la chala chachikulu, cholozera ndi chapakati limaloza mtsempha wina, la chaching'ono ndi choyandikana nacho limaloza winanso. Muwauzenso ngati limakudzutsani usiku, ngati pali kutupa, kapena ngati zinthu zayamba kukupulumukani m'manja.

Za tulo nazonso musazipeputse. Kuchezera pa kiyibodi chifukwa nyimbo yakukomerani si matenda, ngakhale kuti ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona mokwanira, ndiye mukudzibera nokha. Koma mukaona kuti masiku angapo akudutsa osagona koma osatopa, maganizo akuthamanga osagwirika, mukumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka, uzani m'bale amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo mupite limodzi kuchipatala. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God. Nkhani ya Largactil ndanena ija isaopseze aliyense amene akumwa mankhwala otere: akamakulemeretsani manja, mukawauze adokotala asinthe mlingo kapena mtundu, osangosiya nokha. Chimodzimodzi mnzanu wa gitalayo, ngati chamba chayamba kumulamulira, malo omwewo amathandizanso.

Pakadali pano dzanja lamanja lipume, lamanzere ligwire ntchito ya manoti awiri ija m'makiyi onse 12, kiyi imodzi pa tsiku, makutu ali pa Bouncing with Bud. Kutchalitchi apempheni akulu a kwaya kuti Lamlungu likubwerali wina akugwirireni kiyibodi. Mukabwerako kuchipatala mundilemberenso, mundiuze zimene apeza, kuti tione nthawi yoyambira Celia.